Musatibalalitse: kalata kwa akuluakulu a mzinda wathu wogwa ndi chivomerezi

Olemekezeka a Meya, makhansala, anduna, ndi inu nonse amene mwasenzetsedwa ntchito yomanganso mzinda uno,

Kalatayi ndikulembera pa chitseko. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinatulutsa chathunthu m'nyumba imene ndinkachita lendi, ndiye ndinachigoneka pa njerwa kuti masana chizikhala tebulo, usiku azigonapo mwana wathu wamng'ono. Kiyi wake akadali m'thumba mwanga. Mayi akunyumba amandiseka, akuti sanaonepo munthu wosunga kiyi wa chitseko chopanda khoma.

Ndabwera ku ofesi kwanu katatu. Ulendo woyamba anandiuza kuti muli pamsonkhano. Wachiwiri anati mwaperekeza alendo kukaona malo amene mukufuna kutisamutsirako. Wachitatu sindinadutse n'komwe pageti. Sindikukwiya nazo, ndikudziwa kuti masiku ano nanunso tulo simukutiona. Koma popeza khomo lanu landikanika, ndalemba poyera, mwina wina mwa owerenga ali ndi njira yokufikitsirani mawuwa.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Magalimoto a madzi amabwera. Misewu ikuluikulu mwaitsegula. Anamwino amene munawatumiza kuno kubwalo kumene takhoma matenti akugwira ntchito usana ndi usiku, ena a iwo atangoika kumene abale awo m'manda. Zimenezi taziona ndipo sitiiwala.

Chimene chandilembetsa ndi mphekesera ija imene tsopano yasanduka chikalata, yoti tonse okhala m'matenti mutisamutsire ku nyumba zongoyembekezera kunja kwa mzinda, nyumbazo zigawidwe pochita mayere, ndipo dera lathu mulitchinge ndi mpanda mpaka mapulani atsopano atatha. Musanasaine, imvani kaye mmene tinapulumukira usiku uja.

Nthaka italeka kugwedezeka, magetsi anali atazima, fumbi lili koboo, munthu osaona ngakhale chikhatho chake. Mafoni sankagwira. Ozimitsa moto anafika kwathu dzuwa litakwera kale, ndipo sindikuwaimba mlandu, misewu inali itatsekeka ndipo mzinda wonse unkawaitana nthawi imodzi. Amene anatulutsa anthu pansi pa zipupa ndi ife tomwe, ndi manja, mafosholo, jeke ya galimoto ndi kuwala kwa mafoni. Pamzere wathu panali agogo ena aakazi okhala okha. Nyumba yawo inangokhala pansi, denga n'kukhudza maziko. Tikanakhala alendo tikanayamba kufukula kutsogolo kumene kunali chipinda chogona, ndipo tikanataya maola pachabe. Koma mtsikana wina amene ankawathandiza ntchito za pakhomo anakuwa kuti, "Agogo sagona kuchipinda! Miyendo ikawavuta amagona kukhitchini, pafupi ndi khomo lakuseri!" Tinafukula kumeneko. Tinawapeza ali moyo, mwendo utapanidwa ndi kabati, akutitchula mayina mmodzimmodzi ali mumdima momwemo, chifukwa mawu athu ankawazindikira.

Palibe galu wonunkhiza kapena makina a akatswiri amene akanadziwa za khitchini ija. Ankadziwa ndi mwana wa khomo loyandikana. Ndipo zimenezi sizinayambire kwathu kuno. Ku Kobe m'dziko la Japan, chivomerezi cha pa 17 January 1995 chinapha anthu oposa 6,400. Ofufuza atawerengera pambuyo pake anapeza kuti mwa anthu pafupifupi 35,000 amene anapulumutsidwa m'nyumba zakugwa, okwana ngati 27,000 anatulutsidwa ndi oyandikana nawo, pamene apolisi, ozimitsa moto ndi asilikali anatulutsa ngati 8,000. Kumenekotu ndi ku Japan, dziko la zipangizo. Ku Mexico City mu September 1985, boma likadasinkhasinkha, anyamata wamba ndi amene ankakwawira m'mipata ya nyumba zosanja zakugwa kufunafuna amoyo, mpaka anthu anawatcha Topos, dzina la tinyama tofukula pansi ngati mfuko. Gulu lawolo lilipobe, ndipo limapita kukathandiza kukagwa chivomerezi m'mayiko ena.

Nyumba zagwa, koma kudziwana kwathu sikunagwe. Ndi chuma chokhacho chimene chivomerezi chatisiyira chathunthu, ndipo mayere anuwo ndi amene achiphwanye.

Ku Kobe komweko anachita zimene mukufuna kuchitazi, ndipo anachita ndi mtima wabwino. Anamanga nyumba zongoyembekezera pafupifupi 48,000, zambiri kutali ndi pakati pa mzinda chifukwa malo anapezeka kumeneko. Anazigawa pochita mayere, n'kuika patsogolo okalamba ndi olumala. Papepala zinkaoneka zachilungamo kwambiri. Koma nkhalamba imene inakhala moyo wake wonse pamsewu umodzi inapezeka ili pakati pa anthu osawadziwa, kutali ndi dokotala wake, kutali ndi mnzake amene ankagogoda m'mawa uliwonse kufunsa ngati yadzuka bwino. Pa zaka zisanu zimene nyumbazo zinagwira ntchito, anthu oposa 200 anafera m'menemo ali okhaokha, ena n'kupezeka patapita masiku. Ajapani ali ndi dzina la imfa yotere, amati kodokushi. Anatengerapo phunziro, moti chitachitika chivomerezi china ku Niigata mu 2004, anayesetsa kusamutsa anthu a mudzi umodzi pamodzi kuti oyandikana akhalebe oyandikana.

Agogo aja tsopano ali mu tenti yachitatu kuchoka pa yanga, ndipo mtsikana uja amawasuzumira kawiri patsiku. Mukachita mayere, nambala ya agogo n'kugwera kum'mawa, ya mtsikanayo kumadzulo, adzawasuzumira ndani? Ndawerenga chikalata chanu kawiri konse, funso limeneli mulibemo.

Mawu akuti "zongoyembekezera" nawonso amandiopsa. Chivomerezi cha pa 12 January 2010 chitagwetsa Port-au-Prince ku Haiti, anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anakhala m'misasa. Ena anawatengera ku Corail-Cesselesse, chigwa chouma chopanda mthunzi kumpoto kwa mzindawo, atawalonjeza ntchito za m'mafakitale zimene sizinabwere. Munthu amene ankadyetsa ana ake pogulitsa malonda pakati pa mzinda anapezeka ali kutali ndi aliyense amene angamugule. Pambali pa msasawo panamera dera lalikulu lotchedwa Canaan, anthu akudzimangira okha, opanda mapaipi a madzi, opanda woyang'anira kamangidwe. Ku L'Aquila m'dziko la Italy, pambuyo pa chivomerezi cha mu April 2009, boma linamanga mwachangu nyumba zatsopano m'malo 19 ozungulira mzinda, ndipo pakanema zinkaoneka bwino. Koma pakati pa mzinda anatchingapo, asilikali akulondera, milu ya zogumuka ili chikhalire miyezi ndi miyezi. Mu February 2010 eni mzinda anatopa, anatenga mawilibala ndi ndowa, n'kukankha mpanda uja kukayamba kuchotsa okha. Sitikufuna kufika pokankha mpanda kuti tikaone pamene panali pakhomo pathu.

Yankho lanu ndikulidziwa, muti malo ena ndi oopsa. N'zoona. Ndaona ndi maso anga kumunsi kuja pafupi ndi mtsinje, nthaka inasanduka matope, mchenga ndi madzi zikutumphuka m'ming'alu, nyumba zikumira cha mbali imodzi ngati bwato lobooka. Pamalo a mchenga wonyowa nthaka imatero ikagwedezeka, ndipo idzateronso. Ku Christchurch m'dziko la New Zealand, boma linagula malo a nyumba pafupifupi 8,000 pamalo otere ndi ena oopsa, anthu n'kuchokapo. Pamene nthaka yakana, yakana, palibe angatsutsane nayo. Koma yezani nthakayo, mupachike mapu ake poyera kuti aliyense aone pamene mzere wadutsa ndi chifukwa chake. Ngati msewu wina uyenera kusamuka, usamuke wonse pamodzi, wa nambala 4 akhalebe pambali pa wa nambala 6. Mtsinje wakumunsi usakhale chifukwa chochotsera ife a kumtunda amene nthaka yathu ili bwinobwino. Ndikunena izi chifukwa malo athu ali pafupi ndi pakati pa mzinda, ndipo tikudziwa kuti alipo ena amene akhala akuwasirira kuyambira kale.

Njira ina ilipo, ndipo inayesedwa. Ku Mexico City mu 1985 boma linkafunanso kusamutsira anthu kunja kwa mzinda. Anthu a m'madera osauka a pakati pa mzinda monga Tepito ndi Guerrero anakana, anakhala m'misasa m'misewu ya kwawo komweko, n'kupanga bungwe limodzi la onse okhudzidwa. Boma linamva. Linatenga mapuloti masauzande angapo pamene panagwa nyumba za lendi, n'kumanganso nyumba zoposa 40,000 m'madera omwewo, ndipo ambiri amene kale anali alendi anazigula pang'onopang'ono n'kukhala eni ake. Ntchitoyo inatha pasanathe zaka ziwiri. Ana sanasinthe sukulu, amisiri sanataye makasitomala awo.

Ndatchula alendi, ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene pandipweteka ine mwini. Tsiku la kalembera ndinaima pamzere kuyambira m'mamawa. Nditafika patebulo, kalaliki anandifunsa chikalata cha umwini wa nyumba. Ndinati ndine wa lendi. Anati, "Pepani bambo, fomu iyi ndi ya eni nyumba." Ndinafunsa kuti nanga ya alendi ili kuti. Anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana pansi. Eni nyumba yathu amakhala kwina, usiku wa chivomerezi anagona pabedi lawo mpaka kucha, koma m'kaundula wanu iwo ndi amene alembedwa kuti okhudzidwa. Ine amene khoma linagwera pa katundu wanga yense sindikupezekamo. Sindikuti eni nyumba asathandizidwe, nawonso ataya chuma. Koma pitani muwerenge matenti kubwalo kuno, mupeza kuti ambiri mwa ife tinali alendi. Ndipo nyumba zochepa zimene zatsala zili chiimire, lendi yake yakwera moti n'kosatheka kuyandikirako.

Ku Nepal, pambuyo pa chivomerezi cha pa 25 April 2015 chimene chinapha anthu pafupifupi 9,000, boma linakonza zopereka 300,000 rupees kwa banja lililonse lomanganso nyumba, m'magawo atatu, gawo lotsatira likutuluka pokhapokha injiniya ataona kuti zimene zamangidwa ndi zolimba. Nzeru imeneyo ndi yabwino, itengeni. Koma tengeraniponso phunziro pa zimene zinalakwika. Bungwe loyendetsa ntchitoyo linakhazikitsidwa mu December, patadutsa miyezi 8 andale akukangana, anthu n'kupirira dzinja lonse ndi nyengo yozizira m'tizisakasa ta malata. Ndipo poti poyamba ankafuna chikalata cha malo, amene analibe malo awoawo, osaukitsitsa enieniwo, ndi amene anatsalira m'mbuyo. Ifenso mvula siyidikira kuti mugwirizane za amene akhale wapampando.

Tsopano za mapepala amene mwamata pazitseko. Lofiira, musalowe. Lachikasu, lowani mwachangu mutenge katundu. Lobiriwira, khalani. Anyamata amene anamata mapepalawa pamsewu wathu sanathe mphindi khumi panyumba iliyonse. Anazungulira kunja, kusuzumira pawindo, n'kumata. Sindikuwanyoza, anali ochepa ndipo nyumba ndi zambiri. Koma anthu akuliona pepala lobiriwira ngati chitsimikizo choti nyumbayo ndi yolimba, pamene tanthauzo lake ndi lakuti woyenderayo sanaone choopsa pa kuyang'ana kwachanguko. Kusiyana kumeneku kunaphetsa anthu. Ku Christchurch kunachitika chivomerezi chachikulu mu September 2010, ndipo nyumba yosanja ya CTV inamatidwa pepala lobiriwira, anthu n'kubwerera kuntchito. Pa 22 February 2011, nthawi ya nkhomaliro, kunabwera chivomerezi china chocheperapo mphamvu koma chapafupi kwambiri ndi mzinda. Nyumba ija inagwa m'kanthawi kochepa, n'kupha anthu 115 mwa anthu 185 amene anafa mumzinda wonse, ambiri a iwo ophunzira ochokera m'mayiko ena amene ankaphunzira Chingerezi mmenemo. Komiti yofufuza inapeza kuti pulani ya nyumbayo inali yolakwika kuyambira pachiyambi, ndipo siinkayenera kupatsidwa chilolezo mu 1986. Mu 2017 apolisi analengeza kuti palibe amene azengedwe mlandu.

Ifenso nthaka ikugwedezekabe, usiku wathawu makapu analira pashelefu ya mnzanga. Sukulu, zipatala ndi nyumba zosanja zimene zili ndi pepala lobiriwira ziyenderedwenso ndi injiniya amene ali ndi pulani ya nyumbayo m'manja, achotse pulasitala aone mizati mkati. Ana athu asalowe m'kalasi chifukwa cha kuyang'ana kwa mphindi khumi.

Pali chinthu china chimene ndikanakonda mukanabwera kudzachigwira ndi manja anu. Kumapeto kwa msewu wathu kunali nyumba yosanja kanayi. Pansi pake panali masitolo, ndipo mwini wake anagumula zipupa zamkati kuti malo akule, n'kusiya nyumba yonse itaima pa mizati yowonda. Pamwamba anawonjezerapo nsanja ina imene aliyense pamsewu ankadziwa kuti sinali pa pulani. Usiku uja gawo lapansi linaphwanyika, zapamwamba zonse n'kukhalira pomwepo. Titapita kukafukula, ndinatola chidutswa cha mzati n'kuchifinya, chinanyenyeka m'manja ngati chibuma cha dothi, mchenga wokhawokha, simenti yongonunkhiritsa. Timaringi timene timamanga zitsulo za mu mzati tinali patalipatali, mwina kuti asunge ndalama ya zitsulo. Mmisiri wina wachikulire amene tinali naye anangopukusa mutu n'kunena kuti timaringito tikatalikirana, mzati ukagwedezeka umaphulika ngati mtolo wa nkhuni womanga ndi luzi limodzi. Tsidya lina la msewu womwewo kuli nyumba yakale yosanja kawiri, inang'ambika pang'ono koma anthu onse anatuluka ndi miyendo yawo. Chivomerezi chinali chimodzi.

Choncho mukamanena pawailesi kuti ili ndi tsoka lachilengedwe, mukunena theka la nkhani. Mu February 2010, patangotha milungu isanu ndi umodzi chichitikireni cha ku Haiti, dziko la Chile linagwedezeka ndi chivomerezi cha 8.8 pa sikelo yoyezera zivomerezi, champhamvu kuwirikiza pafupifupi ka 500 kuposa cha 7.0 cha ku Haiti. Ku Chile kunafa anthu 500 ndi ena pang'ono, pamene boma la Haiti linalengeza anthu oposa 200,000. Inde, cha ku Haiti chinayambira pafupi kwambiri ndi likulu, koma chachikulu n'chakuti ku Chile malamulo a kamangidwe ndi okhwima ndipo amatsatidwa. Ku Kobe, nyumba zomangidwa pambuyo pa 1981, chaka chimene Japan inakhwimitsa malamulo ake, zinapirira kwambiri kuposa zakale. Ku Turkey mu 2018 boma linakhululukira nyumba mamiliyoni zomangidwa mosatsata malamulo, mwini wake ankangolipira ndalama n'kulandira chikalata, nyumbayo osaikhudza n'komwe. Pa 6 February 2023, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha anthu ali m'tulo, chivomerezi cha 7.8 chinabwera, china chachikulu n'kutsatira tsiku lomwelo, ndipo m'dzikolo munafa anthu oposa 50,000. Chikalata chija sichinagwire mzati ngakhale umodzi. M'chigawo chomwecho cha Hatay, mmene mzinda wa Antakya unasanduka bwinja, muli tauni ya Erzin imene nyumba zake sizinagwe. Meya wake anati iye ankakana kuloleza zomanga zosatsata malamulo ngakhale anthu amuda. Akatswiri a nthaka anawonjezera kuti tauniyo ili pamalo olimba ndipo nyumba zake ndi zazifupi. Zonse ziwiri ndi zoona, koma mwa ziwirizi chimene chili m'manja mwanu ndi choyambacho.

Ndiye ndikupemphani chinthu chimene mwina sichikukomerani. Akatapila anu asanakokolole nyumba zosanja zimene zinapha anthu, akatswiri osadalira khonsolo atengepo zidutswa za konkire ndi zitsulo, ajambule zithunzi, ndipo mafayilo a zilolezo za nyumbazo atsekeredwe pamalo pamene sangasowe. Tamva kale kuti mafayilo ena "anawonongeka ndi chivomerezi". Winawake anasaina pulani ya nyumba ija ya kumapeto kwa msewu. Winawake ankadutsa pomwepo nsanja yowonjezera ikumangidwa n'kuyang'ana kumbali, ndipo tonse tikudziwa chimene chimapotoza khosi la woyendera. Ena mwa anthu amenewa amagwira ntchito m'maofesi anu, mwina ndi anzanu odya nawo limodzi. Amayi amene ana awo anatsalira pansi pa nsanja ija sakufuna chipepeso chokha, akufuna kudziwa dzina la amene anasaina. Mlandu suola, koma umboni ukatayidwa kudzala pamodzi ndi zogumuka, mlanduwo umasowa poimira.

Komanso anthu ayamba kale kumanga. Simungawaletse, munthu sangagone mu tenti mpaka kalekale. Akutola njerwa zomwezo, akuitana amisiri omwewo, akumanga mmene ankamangira kale. Ngati mukufuna mzinda wolimba, nthawi yake ndi ino, khoma lisanafike pawindo. Tumizani mainjiniya m'madera, akhale ndi tebulo pansi pa tenti pamene munthu angabwere ndi kapulani kake kojambula pamanja n'kulangizidwa kwaulere. Phunzitsani amisiri athu kumanga lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, kulumikiza ngodya, kuthinanitsa timaringi, kusakaniza simenti mosaba. Zimenezi ndi za masiku owerengeka, ndipo mmisiri mmodzi akadziwa amamanga nyumba zambirimbiri. Ntchito yochotsa zogumuka nayonso apatsidwe anyamata ndi amayi a m'madera momwemo, alipidwe. Ndalama imeneyo izungulira mumzinda muno, ndipo iwo amadziwa kuti pansi pa mulu uwu pali zithunzi za ukwati wa uje, sangazikokolole ngati zinyalala.

Za ndalama ndinena mwachidule. Tikumva pawailesi kuti mayiko ndi mabungwe alonjeza zakutizakuti. Lembani pa bolodi pakhomo la khonsolo ndi pa intaneti: zalonjezedwa zingati, zafika zingati, kontilakiti yapita kwa yani, ya ndalama zingati, ithe liti. Mukatero mudziteteza nokha, chifukwa pamene palibe chiwerengero mphekesera ndi imene imalamulira, ndipo mphekesera za kubwalo kuno sizikukukomerani.

Zimbudzi kubwalo kuno n'zochepa ndipo zikudzaza. Ku Haiti kolera inabuka mu October 2010, patatha miyezi 9 chichitikireni chivomerezi, kuchokera ku zonyansa za pamsasa wa asilikali a United Nations zimene zinalowa mumtsinje, ndipo inapha anthu pafupifupi 10,000. Mlembi wamkulu wa bungweli panthawiyo, Ban Ki-moon, anapepesa mu December 2016. Ife sitikufuna kupepesedwa patatha zaka zisanu ndi chimodzi, tikufuna galimoto yopopa zimbudzi sabata ino, ndi nyale panjira yopita kumeneko chifukwa atsikana akuopa kutuluka usiku.

Mwalengeza kuti mudzatifunsa maganizo pa mapulani atsopano. Tikuthokoza, koma tikufuna kudziwa kuti maganizowo akathera kuti. Ku Christchurch khonsolo inafunsa anthu mu May 2011 kuti mzinda wawo ukhale wotani, ndipo anthu anapereka maganizo oposa 100,000. Kenako boma lalikulu linatenga ntchitoyo, akatswiri n'kudzitsekera masiku 100 kulemba pulani ina, ndipo ambiri anaona ngati anangowafunsa mwamwambo. Mbali ina ya pakati pa mzindawo inakhala yotchingidwa mpaka June 2013. Pamene akuluakulu ankajambula mabwalo ndi maholo, amene anabwezeretsa moyo m'misewu anali anthu wamba: ophunzira a payunivesite amene anaitanizana pa Facebook n'kutenga mafosholo kukachotsa matope m'makomo a nkhalamba, ndi amalonda amene anatsegula masitolo m'makontena. Kunonso zayamba. Amayi ena akuphunzitsa ana pansi pa lona m'mawa uliwonse popanda wowalipira. Wometa tsitsi wa pamsewu wathu wapachika galasi lake losweka pamtengo ndipo anthu akuima pamzere, ena osafuna n'kumeta komwe, akungofuna pokhala n'kumacheza ngati kale. Sabata yatha anthu a khonsolo anabwera kudzamuuza kuti alibe chilolezo chochitira malonda pamenepo. A Meya, munthu amene nyumba yosanja yopanda chilolezo inamugwetsera shopu yake, lero ndi amene akufunsidwa chilolezo cha galasi ndi mpando?

Safunsa anadya phula. Mukabwera kudzatifunsa, musatiitanire ku holo ya hotela masana pamene aliyense ali kosaka chakudya. Bwerani kubwalo kuno madzulo, mubwere ndi mapu aakulu oti tiwayale pansi, ndipo mubwerenso kachiwiri kudzatiuza zimene mwatenga, zimene mwasiya ndi chifukwa chake. Tikhoza kumva "ayi" ngati ali ndi chifukwa. M'komiti imene ikugamula za dera lathu mukhale anthu amene tawasankha ife, alendi akhalemo, amayi akhalemo, ndipo akhale ndi voti.

Mwana wanga uja wogona pachitseko amadzuka akukuwa galimoto yaikulu ikadutsa. Amakana kulowa m'nyumba iliyonse ya njerwa, ngakhale kuchipatala timachita kumunyamula. Chimene chimamukhazika mtima pansi ndi kuona nkhope zimene amazidziwa: mnzake wa m'kalasi mu tenti yoyandikana, agogo aja, wometa uja. Aphungu a zamaganizo amene munatumiza anabwera kamodzi, anachita bwino, abwerenso. Koma mukamuchotsa pakati pa anthu amenewa n'kukamuika pa nambala imene mayere amugwetsera, aphunguwo adzakhala ndi ntchito yaikulu kuposa imene ali nayo lero.

Poti kaundula wanu sakutidziwa, tapanga wathu. Tinayenda tenti ndi tenti ndi kope la sukulu, n'kulemba banja lililonse la m'dera lathu: ankakhala pati, anali mwini kapena wa lendi, ndi angati, ndani amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndani sangathe kuyenda, ndani ndi mmisiri wa njerwa, wa matabwa, wa magetsi kapena wa mapaipi, ndipo banja lililonse likufuna kukhala pafupi ndi yani. Aliyense anasaina kapena kudinda chala. Tajambulanso pamanja mapu a misewu yathu mmene inalili, nyumba ndi nyumba, ndipo tapeza malo atatu opanda kanthu mkati mwa dera lomweli pamene nyumba zongoyembekezera zingakwane popanda kutichotsa. Makope alipo awiri. Limodzi tikusunga ife. Linalo ndi lanu, lili mu tenti yanga, yoyamba kumanzere mukangolowa pageti la bwalo, pamene pali chitseko chogonekedwa pa njerwa. Tumizani munthu adzatenge musanasaine chikalata chija, kapena mubwere nokha.

Ine wanu,
Wa lendi wina wa mumzinda uno, m'malo mwa anzanga a kubwalo